Kulongedza katundu pa till m'sitolo zotchipa: zoyenera kuchita kuchokera pakhomo mpaka pa kabaza

Mzere wa pa till m'sitolo zikuluzikulu za pa Kamuzu Road ku Salima kapena pa boma ku Nkhotakota suchedwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu kokha. Nthawi zambiri umaima chifukwa cha munthu mmodzi amene wafika kutsogolo asanakonzeke. Ndalama zili pansi pa chikwama, moika katundu mulibe, shuga wasakanikirana ndi sopo, ndipo mwiniwake waima manja lende kudikira kuti wina amulongedzere. Kashiya wamaliza kale kuwerengera koma sangayambe wotsatira chifukwa pathebulo padzaza. Malangizo awa ndi a munthu wogula za pakhomo za mwezi wonse, wa okala amene wabwera kudzapikula, ndi aliyense amene katunduyo akukwera naye kabaza kapena minibasi kupita ku Senga Bay, Chipoka, Khombedza, Benga kapena Dwangwa.

Yambani mwamvetsa chifukwa chake sitoloyo ikutchipa

Sitolo yotchipa situla mitengo chifukwa cha chifundo. Imaoda katundu wambiri nthawi imodzi, imasunga mitundu yochepa, imasiya katundu m'makatoni momwemo m'malo momuyala mokongola, ndipo imalemba antchito ochepa. Ntchito imene wantchito wina akanagwira yagwera inu ogula, ndipo malipiro anu ndi mtengo wotsikawo.

Amene anapititsa patsogolo kagulitsidwe kameneka ndi sitolo za ku Germany, Aldi ndi Lidl. Aldi inayambitsidwa ndi abale awiri, Karl ndi Theo Albrecht, mumzinda wa Essen. M'sitolo zimenezi kashiya amathamanga kwambiri, mapaketi ambiri ali ndi barcode mbali zingapo kuti makina awerenge msanga, ndipo kathebulo ka kuseri kwa till n'kakang'ono dala. Wogula amabweza katundu mu trolley, amalipira, kenako amakalongedza pa shelefu yaitali imene ili pafupi ndi khomo. Kuti mutenge trolley mumaikamo kobidi, ndipo mumalitenganso mukaibweza pamalo pake, motero safunika munthu wotolera ma trolley panja. Amene anagwirapo ntchito ku Joni anazolowera zina: kumeneko sitolo zambiri zimakhala ndi wolongedza pa till.

Kuno kwathu zili pakatikati. M'sitolo za mtundu wa Chipiku kapena Sana, ndi zina za eni ake a m'matauni mwathumu, mutha kupeza mnyamata wolongedza, mutha kumupeza akuthandiza ma till awiri kapena atatu, mwinanso watumidwa kukatsitsa katundu mu lole. Choncho bwerani mutakonzeka kulongedza nokha, wothandiza akapezeka muthokoze. Pa till ya sitolo yotchipa pali ngati pachigayo: wachigayo amagaya, koma thumba mumabwera nalo nokha, ndipo ufa ukatuluka mumasunthira pambali kuti mnzanu athire chake.

Musanachoke pakhomo

Lembani zogula papepala, ndipo zilembeni m'magulu atatu: zolemera ndi zouma (shuga, mpunga, mchere, mafuta ophikira), zochapira ndi zonunkhira (sopo, mankhwala a m'chimbudzi, mankhwala a udzudzu), ndi zosachedwa kuonongeka (nkhuku, mkaka, majarini, mazira, buledi). Magulu amenewa ndi omwenso mudzalongedzere, choncho pepalalo likuuzani kale kuchuluka kwa zonyamuliramo.

Zonyamuliramo mubwere nazo. Malawi analetsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Majumbo ochindikala amene amapezeka pa till kawirikawiri ngogula, ndipo jumbo imodzi simapirira botolo la mafuta la malita 5 ndi mapaketi anayi a shuga pamodzi. Pogula za mwezi za banja, tengani thumba loyera la makilogalamu 25 kapena 50 la zouma, chikwama cholimba chokhala ndi zogwirira ziwiri, ndowa yokhala ndi chivindikiro ya zozizira, ndi chitenje chakale. Thumba lomwe munali feteleza kapena mankhwala a mbewu lisalowemo chakudya, ngakhale mutalichapa. Ngati mukwera kabaza, mphira zomangira zikhale zanu. Za akabaza zina zatha mphamvu ndi dzuwa.

Ndalama muziike pamalo amodzi osavuta kutulutsa. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zogula za mwezi zimafuna mpukutu wa ndalama, ngakhale mutakhala ndi ma K5,000 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Ziwerengeni kunyumba, muzipinde m'magulu a K10,000 kapena K20,000, kuti pa till musayambe kunyambita chala pamaso pa mzere wonse. Khalaninso ndi ma K50, K100 ndi K200 angapo othandizira chenje. Ngati mukulipira pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pa khadi, onani zotsala musananyamuke, foni ikhale ndi moto, ndipo musungeko ndalama zapamanja chifukwa netiweki imatha kugwa muli kutsogolo kwa mzere.

Za nthawi n'zachidule: m'mawa pakati pa sabata ndi bwino. Masiku olandira malipiro, Loweruka masana ndi sabata yotsegulira sukulu, yembekezerani mzere.

Pakhomo la sitolo

Sitolo zambiri zimafuna kuti zikwama zazikulu muzisiye pa mlonda, akupatseni kanambala. Foni, ndalama ndi makadi musasiye m'menemo. Ngati mwagula kale zina kwina, monga sopo kapena Sobo, muonetseni mlonda polowa, apo ayi potuluka mudzavutika kufotokoza kuti simunazitenge pa shelefu. Funsani pomwepo ngati thumba lanu lopanda kanthu mungalowe nalo. Akakana, dziwani kuti kulongedza kwanu kudzachitikira panja, ndipo katundu adzafunika kubwerera mu trolley mukalipira.

M'kati mwa sitolo: kulongedza kumayambira apa

Mmene mwaikira katundu mu trolley ndi mmenenso adzatulukire pa till. Yambani ndi zolemera ndipo muziike kumapeto kwa trolley kumene mudzayambire kutsitsa. Zochapira zikhale pakona pazokha. Zozizira mutenge pomalizira penipeni, mutatsala pang'ono kulowa pa mzere. Mazira ndi buledi zikhale pamwamba, kapena pa kampando ka mwana ngati trolley ili nako.

Chilichonse chimene mwatola, chitembenuzeni muone ngati chili ndi barcode kapena kapepala ka mtengo. Katundu wopanda barcode ndiye amaimitsa mzere kuposa china chilichonse, chifukwa kashiya amayenera kutuma munthu ku shelefu kukafufuza. Zoyeza pasikelo, monga nyama kapena zipatso, zipimitseni kumene zimagulitsidwira, akumatireni kapepala.

Mtengo wa pa shelefu uwerengedwe pamodzi ndi dzina ndi kukula kwa katundu kumene kwalembedwa pa kapepalako. Mapepala amasuntha, ndipo mtengo umene uli pansi pa botolo la malita 2 ukhoza kukhala wa lita imodzi. Mukaona pulomoshoni yokayikitsa, jambulani kapepalako pa foni ngati sitoloyo imalola. Mukamatola, muziphatikiza mitengo pa foni kapena papepala, mukukweza pang'ono mtengo uliwonse. Mukatero simudzachita manyazi pa till.

Chachikulu sikuti nthawi zonse n'chotchipa. Gawani mtengo ndi kuchuluka kwake. Tiyerekeze kuti mafuta a malita 2 ali pa K13,000 ndipo a malita 5 ali pa K34,000. Oyambawo ndi K6,500 pa lita, achiwiriwo ndi K6,800 pa lita, ndiye kuti botolo lalikulu likudula. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma masamu ake ndi omwewo pa sopo waufa, mpunga ndi matewera. Kumbukiraninso mtengo wa ulendo. Ngati mwachokera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kudzagula zinthu zitatu zokha, zimene mwapulumutsa zathera m'thiransipoti, ndipo okala ya kwanu ikanakuchitirani bwino.

Masiku olembedwa pa paketi ali mitundu iwiri. Pamene palembedwa "best before" akutanthauza kuti tsikulo likadutsa kukoma kumayamba kuchepa. Pamene palembedwa "use by" kapena "expiry" akutanthauza kuti tsikulo likadutsa musadye. Katundu wotsitsidwa mtengo kwambiri nthawi zambiri amakhala woti masiku ake ayandikira. Palibe cholakwika kumugula ngati mumaliza msanga, koma musagule katoni yonse ya mkaka wotsala ndi masabata awiri pakhomo pa anthu atatu. Chitini chofufuma pamwamba, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete momatira chisiyeni. Pa zopangidwa kuno yang'anani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu m'Malawi muno.

Pa zozizira chenjerani kwambiri, chifukwa kuno kunyanja kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi zimakumana. Nkhuku yoti inasungunuka n'kuumanso imadziwika: m'paketi mumakhala madzi ofiirira oundana pansi, kapena timiyala tambiri ta ayezi m'kati. Paketi ya soseji kapena ya yogati yofufuma isiyeni. Ndipo mukasintha maganizo pa nkhuku imene mwatola, ibwezeni mu fuliji. Kuisiya pa shelefu ya mabisiketi ndi kuononga chakudya, ndipo amene amafunsidwa ndi wantchito wa gawolo.

Shuga akasowa, sitolo zimaika malire a mapaketi pa munthu mmodzi. Zimapweteka kuona zimenezi m'maboma amene muli fakitale ya Illovo ku Dwangwa ndi ya Salima Sugar, koma kashiya si amene anaika malirewo, ndipo kukangana naye sikuonjezera paketi.

Pa mzere

Lowani pa mzere mutamaliza kugula. Khalidwe loimika trolley pa mzere n'kubwerera kukatola zina kwa mphindi khumi limayambitsa mikangano yosafunika. Ngati mwaiwala chinthu chimodzi chomwe chili pafupi, uzani amene ali kumbuyo kwanu: "Achimwene, ndili pano, ndingotenga mchere apa." Nthawi yanu ikakwana musanabwere, iwo apite, ndipo musadandaule.

Agogo, mayi woyembekezera, wobereka mwana amene akulira ndi munthu wolumala apatseni mpata popanda kudikira kuti apemphe. Amene ali ndi buledi mmodzi kumbuyo kwa trolley yanu yodzaza mutha kumuuza kuti, "Mayi, dutsani, zanu n'zochepa." Koma mpata umenewu ndi wanu wokha wopereka, ndipo mupatse mmodzi kapena awiri. Mukalowetsa asanu, mwawononga nthawi ya anthu a kumbuyo amene simunawafunse. Chimodzimodzi kulandira katundu wa mnzanu amene wangofika kuti mumulipirire limodzi: kanthu kamodzi palibe vuto, basiketi yonse ndi kudumpha mzere.

A maokala ndi otumidwa ndi anthu angapo, apa ndi panu. Ngati mukufuna malisiti osiyana, gawani katundu mu trolley muli pa mzere, ndipo ndalama za aliyense zikhale mu envelopu yake. Uzani kashiya asanayambe kuti malisiti akhala atatu. Ngati sitoloyo ili ndi till ya opikula, pitani kumeneko.

Kutsitsa katundu pa till

Perekani moni kaye. "Mwaswera bwanji achemwali" satenga nthawi, ndipo munthu amene wakhala pampando kuyambira m'mawa amathandiza mosiyana akalemekezedwa. Foni ikalira, idikire.

Tsitsani motsatira mmene mudzalongedzere. Zolemera ndi zolimba ziyambe: mafuta, shuga, mpunga, zitini, mabotolo. Zitsatire za m'mapaketi ndi m'makatoni ang'onoang'ono. Kenako zochapira zonse pamodzi, kenako zozizira zonse pamodzi. Mazira, buledi, mabisiketi ndi tchipisi zikhale zomaliza. Chifukwa chake n'chosavuta: chimene kashiya wayamba kuwerengera ndicho chimayamba kulowa pansi pa thumba. Mukayamba ndi buledi, mwina aphwanyika pansi, mwina muima naye m'manja kudikira kuti zolemera zidutse.

Zofanana ziikeni pamodzi ndipo nenani chiwerengero: "Shugayu ndi mapaketi sikisi." Kashiya amawerengera imodzi n'kuchulukitsa, m'malo mokweza iliyonse. Belo ya shuga ya mapaketi 20, thumba la mpunga kapena kireti ya zakumwa musazikweze pathebulo pokhapokha atakuuzani. Ingotembenuzani kuti barcode ionekere.

Maso anu akhale pa sikirini. Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu: chinthu kuwerengedwa kawiri chifukwa makina analira kawiri, chiwerengero cholakwika pochulukitsa, ndi mtengo wa pulomoshoni umene sunalowetsedwe mu kompyuta. Nenani pomwepo, musanalipire. M'sitolo zambiri kashiya sangafufute chinthu yekha, amaitana supavaiza kuti aike nambala yake yachinsinsi. Mukalipira kale, nkhani imasanduka yobweza ndalama, ndipo imeneyo ndi yaitali.

Ngati mukuona kuti ndalama zikhoza kuperewera, sungani kumapeto zinthu zimene mungathe kuzisiya, ndipo uzani kashiya kuti, "Tikafika pa K80,000 mundiuze." Zimenezi n'zabwino kuposa kuwerengetsa zonse kenako n'kuyamba kuchotsa chimodzichimodzi, supavaiza akuitanidwa mobwerezabwereza. Kuperewera ndalama si mlandu masiku ano. Amene ali kumbuyo asapange phokoso kapena kuseka, mawa ndi iwo.

Kodi mulongedze pomwepo kapena pambali?

Yang'anani zinthu ziwiri: kuchuluka kwa katundu ndi kukula kwa malo. Ngati muli ndi basiketi imodzi, tsegulani chikwama chanu kashiya asanayambe, ndipo muziika chilichonse chikangodutsa. Pofika nthawi yolipira mukhala mwatsala ndi buledi yekha. Ngati muli ndi trolley yodzaza ndipo palibe wolongedza, musayese kukonza bwinobwino pa till. Kankhirani trolley yopanda kanthu kuseri, muzibwezamo katundu m'magulu ake, lipirani, kenako mukalongedze pambali pomwe simukutsekereza njira. Mukabwera awiri, mmodzi atsitse ndi kuyang'ana sikirini, wina alandire kuseri.

Kashiya akanena mtengo wonse, siyani kulongedza mulipire kaye. Chenje muwerenge pomwepo musanasunthe phazi, chifukwa mukatuluka palibe amene angakukhulupirireni. Akakupatsani masiwiti m'malo mwa chenje muli ndi ufulu wokana mwaulemu, ngakhale njira yachidule ndi kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono zanu. Polipira pa foni, werengani dzina la sitolo limene latuluka musanaike nambala yachinsinsi, ndipo dikirani uthenga wotsimikiza. Makina a khadi akakana koyamba, musathamangire kuyesanso. Onani kaye ngati ku banki sanadule kale, ndipo kapepala kosonyeza kuti zakanika mukasunge, chifukwa ndi umboni wanu ndalama zikadulidwa kawiri.

Kalongedzedwe kake

Lamulo loyamba: sopo ndi chakudya sizigonera limodzi. Shuga, ufa, mpunga, masamba a tiyi ndi buledi zimakoka fungo, makamaka m'galimoto yotentha. Paketi ya sopo waufa imathanso kuboola pakona, ufawo n'kulowa paliponse. Zochapira zilowe mu jumbo yakeyake yomanga pakamwa. Mankhwala a makoswe, a tizilombo ndi parafini zikhale kutali kwenikweni, m'chonyamulira china. Machesi asakhale pafupi ndi zozizira, anyowa.

Ngati mwapempha katoni m'sitolo, yang'anani chimene munali. Katoni ya sopo si ya chakudya. Pansi pake pakhale pomatidwa bwino ndi tepi, osati pongopinda makutu anayi, chifukwa popinda pamatseguka mukangonyamula. Katoni imodzi isapitirire makilogalamu 12 mpaka 15, ndipo poinyamula dzanja limodzi likhale pansi. Botolo la mafuta la malita 5 lokha limalemera pafupifupi makilogalamu 4.6, ndiye mabotolo awiri ndi mapaketi asanu a shuga akwana kale.

Mabotolo aime chilili. Musanawaike, yesani chitsekero chilichonse, makamaka cha mafuta ophikira ndi cha Sobo. Mafuta akatentha amapyapyala ndipo amadontha pa chitsekero chosamanga bwino ngati botolo lagona. Mabotolo agalasi asagundane: pakati pake ikani paketi ya mchere kapena ya shuga. Zitini zikhale pansi, koma musaziike pamwamba pa mapaketi a shuga kapena ufa, m'mphepete mwake mumacheka pepala. Mipata yotsala itsekeni ndi zofewa monga mapepala a kuchimbudzi, kuti katundu asagwedezeke.

M'thumba, mpunga ndi shuga zigone pansi mopingasa, mwamizere, kuti thumbalo likhale ndi pansi pophwatalala. Mukangoponyamo chisawawa limakhala ndi nsonga, ndipo pa kaliyala wa njinga silikhazikika.

Zozizira zikhale pamodzi chifukwa zimasungirana kuzizira. Nkhuku ndi nyama yaiwisi zilowe mu jumbo yomanga, ziikidwe pansi pa ndowa, kuti madzi ake asadonthere pa zinthu zodya osaphika monga yogati, majarini kapena polony. Pamwamba phimbani ndi chitenje kapena manyuzipepala, kenako chivindikiro. Akatswiri a zaukhondo wa chakudya amalangiza kuti zoterezi zisakhale kunja kwa fuliji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32 ola limodzi lokha. Mu October ndi November ku Salima ndi ku Nkhotakota masana amadutsa pamenepo kawirikawiri. Ndiye ngati minibasi yanu idikira kudzaza pa depoti, kenako iyende ola lina, nkhuku youma gwa ikhoza kufika bwino m'ndowa yophimba, koma soseji ndi mkaka wa m'fuliji ayi. Gulani mkaka wokhalitsa wa m'katoni kapena waufa, ndipo nyama mukagule kufupi ndi kwanu.

Thireyi ya mazira 30 itsegulireni maso musanalipire, muyang'ane losweka kapena lomatirira pansi. Pamwamba vindikirani thireyi ina yopanda kanthu n'kumanga ndi chingwe mopingasa. Mazira ndi buledi zimayenda pamiyendo panu kapena m'manja, osati m'buti.

Akakhalapo wolongedza

Muuzeni zimene mukufuna asanayambe: "Achimwene, sopo payekha, zozizira mu ndowamu." Iye sadziwa ngati muli ndi galimoto panja kapena mukupita ku Thavite pa njinga yamoto. Musaime chabe, thandizanani. Kumupatsa kenakake sikokakamiza, ndipo iye sayenera kukuumirizani, koma akakunyamulirani belo ya shuga mpaka pa msewu, ya madzi ndi yoyenera. Anyamata a panja amene amathamangira trolley gwirizanani nawo mtengo asanagwire katundu, ndipo sankhani mmodzi.

Potuluka

Lisiti ikhale m'manja, osati pansi pa thumba. Mlonda wa pakhomo amafananiza lisiti ndi katundu kwa aliyense, sikuti wakuonani nkhope ya wakuba. N'chifukwa chake thumba musalimange mfundo yomaliza musanadutse pakhomo. Mukadutsa, imani pambali muwerenge lisitiyo mzere ndi mzere, mukuwerenganso zonyamulira zanu. Katundu wambiri amene amatayika amatsala kuseri kwa till: kajumbo ka machesi, mswachi, paketi ya mchere. Trolley ibwezeni pamalo pake, musaisiye kuseri kwa galimoto ya wina.

Pa njinga yakapalasa kapena yamoto, cholemera chikhale pansi ndi pakati, mphira zidutse mopingasa kawiri, ndipo zisafinye mabotolo apulasitiki pakhosi. Mu minibasi onani nokha pamene kondakitala waika katoni yanu. Ikakhala pansi pa thumba la makala kapena pafupi ndi beseni la nsomba, shuga wanu afika ndi fungo la usipa. Nthawi ya mvula katoni imafewa msanga, choncho ikulungeni ndi pulasitiki kapena gwiritsani ntchito ndowa.

Za manyazi ndi kunyozana

Pali anthu amene amaona ngati kugula m'sitolo yoyala katundu m'makatoni n'kudzitsitsa, ndipo amasamutsira katundu mu jumbo ya sitolo ya ku Lilongwe kuti aneba aone. Paketi ya shuga wa Illovo ndi yomweyo kulikonse kumene mwaigula, mafuta a Kukoma ndi omwewo. Chimene mumalipira m'sitolo yodula ndi kuzizira kwa m'kati, mitundu yambiri yosankha ndi mzere waufupi. Ngati zimenezo mukuzifuna, lipirani, palibe cholakwa. Koma si chifukwa chonyozera amene akuwerengera pa foni pakati pa mashelefu.

Palinso ena amene amaopa kulowa m'sitolo yaikulu poganiza kuti ndi ya mabwana, n'kumagula zodula pang'onopang'ono panja. Khomo lija ndi la aliyense, ndipo kulowa kukaona mitengo n'kutuluka osagula sikoletsedwa. Komabe sitolo yaikulu sipambana pa chilichonse. Tomato, masamba, nsomba, chinangwa ndi mpunga wa ku Nkhotakota kapena ku Lifuwu woyeza pa ndowa, kawirikawiri msika umaposa, ndipo kumsika mumanenerera. Pa till sanenerera, mtengo uli mu kompyuta, ndipo kashiya alibe mphamvu yousintha. Dandaulo la mtengo lipite kwa manijala.

Mukapeza vuto mutafika kunyumba

Tsitsani zozizira poyamba, kenako fananizani zotsalazo ndi lisiti tsiku lomwelo. Malisiti a pa till amafufutika akakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha, choncho ijambuleni pa foni. Mukapeza chinthu chowonongeka, chodutsa masiku kapena cholipiritsidwa kawiri, musataye paketi yake ndipo musachigwiritse ntchito. Bwererani msanga, ngati n'kotheka mawa lake, mutatenga katunduyo ndi lisiti, ndipo mufunse supavaiza kapena manijala, osati kukaima pa till kumene kuli mzere. Chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichichotsa ufulu wanu ngati katunduyo anali wowonongeka kale pogula. Zikakanika m'sitolo, dandaulo limapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi limalandiranso madandaulo a ogula. Kumeneko adzafuna lisiti, tsiku logulira, chithunzi cha katundu choonetsa tsiku lothera ntchito, ndi udindo wa munthu amene munalankhula naye m'sitolomo.